Oyamba kumene asathamangire ndege zovuta

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Mufakose kuno ku Harare, chifukwa zimandipweteka kuona achinyamata athu akusiya masewera a pakompyuta oyeserera kuulutsa ndege zankhondo sabata isanathe, poganiza kuti mutu wawo sugwira, pamene cholakwika ndi ndege imene anasankha.

Mdzukulu wanga anathamangira ndege ya A-10C ya mu masewera otchedwa DCS World, imene kungoliza injini zake kumafuna kuloweza mabatani ambirimbiri, ndipo anataya mtima asananyamuke n'komwe. Ndinamulangiza kuti atenge Su-25T, yomwe ndi yaulere ndipo imalira atangodina mabatani ochepa. Ina yaulere ndi TF-51D, koma imeneyo imakokera kumanzere ponyamuka, choncho idikire kaye.

Pa za mlingo wa kuvuta, masewera ena otchedwa War Thunder ali ndi milingo itatu: Arcade, Realistic ndi Simulator. Kuyambira pa Arcade sikochititsa manyazi ayi, koma munthu asakhalitsepo, pakuti kumeneko zipolopolo zimadzazidwanso ndege ili m'mwamba, pamene ku Realistic ayenera kubwerera kubwalo n'kutera bwinobwino, luso limene mdzukulu wangayo akulimbana nalo mpaka lero.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Mufakose, Harare