Tikwere mapiri athu mu Okutobala, mvula isanagwe

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndinenepo za nyengo ino ya pakati pa chisanu ndi dzinja, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Nyengo imeneyi yasintha, ndipo ife okhala m'tsinde mwa mapiri sitikuilabadira. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Kwathu ndi ku Phalombe, kufupi ndi phiri la Michesi, koma ndakhala ku Chimwankhunda zaka zoposa 30. Ndikatsegula chitseko m'mawa, choyamba kuchiona ndi phiri la Soche.

Tili ana, nyengo imeneyi sitinkaiwerenga pa kalendala. Agogo anga aakazi ankangoyang'ana kuphiri. Juni ndi Julayi inali miyezi ya chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu, komwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kankatha masiku atatu kapena anayi osakata, zovala osauma, ana kupita kusukulu atafunda matumba. Kamvula kameneka ndi komwe kamasunga tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo kuti asaume m'chilimwe. Chiperoni chikatha, mitengo ya mombo ndi tsamba inkayoyola masamba, phiri n'kukhala mbuu. Kenako mu Seputembala, dontho la mvula lisanagwe ndi limodzi lomwe, mitengo yomweyo inkatulutsa mphukira zofiira, phiri lonse psuu, ndipo patapita milungu ingapo linkasanduka lobiriwira. Agogo akaona zimenezo ankatiuza kuti titulutse makasu, nthawi yososa yakwana. Nyenje zikayamba kulira masana, masuku akayamba kufewa, tinkadziwa kuti chizimalupsa chayandikira. Chinkagwa chakumapeto kwa Okutobala, n'kuzimitsa lupsa, fumbi n'kugona. Tinkamaliza kugalauza mizere, ndipo mu Novembala mvula yobzalira inkatipeza mbewu zili m'manja.

Sindikunena kuti kale chaka chilichonse chinkayenda choncho. Ng'amba inaliko, njala inaliko. Koma zizindikirozo zinkalondola kawirikawiri moti munthu ankatha kuika chimanga chake chomaliza m'nthaka mtima uli m'malo.

Chiyambire ndili pantchito ndimasunga kope lomwe ndimalembamo tsiku lomwe mvula yagwa, ndipo kuseri kwa nyumba ndinaimika chitini pamtengo choonera kuchuluka kwake. Ndinayamba zimenezi pophunzitsa ana a Sitandade 6, kenako chinangosanduka chizolowezi. Ndikatsegula masamba a zaka zapitazi ndimaona zomwe aliyense wa msinkhu wanga akunena pamaliro ndi m'minibasi. Chiperoni chimabwera modukizadukiza, zaka zina osaoneka bwino n'komwe. Kutentha komwe tinkakudziwa kuti n'kwa Okutobala kukumayamba Seputembala ali pakati. Blantyre uja ankatchuka ndi kamphepo kayeziyezi, lero tikumagona mazenera ali pululu, osafunda kanthu. Chizimalupsa chaka china sichibwera, chaka china chimabwera ndi chimphepo chosasula madenga, n'kusowa milungu itatu. Mawu akuti "tabzala" m'kope langa akumagwera mu Disembala kawirikawiri kusiyana ndi kale. Mlongo wanga ku Phalombe anabzala kawiri m'dzinja la 2023 mpaka 2024, chaka cha ng'amba ya El Niño chija, ndipo chimanga chachiwiricho chinapserera chili m'mawondo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba yomweyo.

Za mphukira zofiira pa Soche, mdzukulu wanga sanazionepo. Mombo unatha, unalowa m'mauvuni a njerwa ndi m'matumba a makala. Chomwe amadziwa iye mu Seputembala ndi moto. Usiku timakhala pakhonde n'kumaona mzere wa moto ukukwera phiri pang'onopang'ono ngati mkanda wofiira, m'mawa phulusa lili pa zovala zomwe zinagona pachingwe. Ku Ndirande n'chimodzimodzi, ku Mpingwe ndi ku Bangwe chimodzimodzi, ndipo Michiru, lomwe linatsala ndi nkhalango yooneka, nalo likumetedwa tikuona.

Okutobala wathayu ndinakwera Soche ndi mdzukulu wangayo, wazaka 12. Tinanyamuka tambala atangolira kachiwiri kuti dzuwa lisatipeze pokwera. Zomwe ndinaona kumeneko ndi zomwe zandilembetsa kalatayi. Pamalo omwe panapsa, dothi linali ngati ufa wa mgaiwa. Ukaponda, nsapato imalowa, fumbi kuti bu. Ndinafukula ndi chala kufuna kamuzu ka udzu, osakapeza. Tinadutsa pamalo pomwe anthu anabzala mitengo mu Januwale, ena a ife tinali nawo tsikulo, tinaimba nyimbo, anatijambula zithunzi. Mbande zonse zinali timitengo takuda, pena timachubu tapulasitiki tomwe tinatayidwa pambali titasungunuka ndi moto. Kenako tinafika pa chikhwawa chomwe namondwe wa Freddy anasiya mu Malichi 2023. Miyala ina kukula kwake ngati minibasi, yangotsamira pa inzake, pansi pake dothi lokhalokha lomwe madzi akulikokolola chaka ndi chaka. Chakumunsi pang'ono, m'mphepete mwenimweni mwa chikhwawacho, bambo wina anali kukumba maziko a nyumba, njerwa ataunjika kale. Ndinamupatsa moni, tinacheza. Sindinamudzudzule. Anandiuza za lendi yomwe yamukwerera kawiri chaka chimodzi, ndi ana ake anayi, ndipo ine ndinalibe malo ena oti ndimulozere.

Napolo ndimamudziwa, Akonzi. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, madzi, matope, miyala ndi mitengo n'kutsikira pa Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ena mpaka lero mitembo yawo sinapezeke, ndipo mmodzi mwa iwo anali mwana wa amalume anga, yemwe tinkadyera mbale imodzi. Akuluakulu nthawi imeneyo ankakumbutsana za napolo wa ku Zomba wa 1946, n'kumati zoterezi zimabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Ine ndaziona kawiri. Pa 13 Malichi 2023 ndinamva mkokomo womwewo kuchokera ku Chilobwe, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, ndipo thupi langa linadziwa chomwe chachitika mutu usanaganize. Masiku otsatira tinkafukula matope ndi makasu ndi manja. Makalasi anasanduka misasa. Ku Manje kunali maliro, ku Ntauchira ku Chiradzulu mudzi unakokoloka, ku Nkhulambe kwathu ku Phalombe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, pafupifupi yomwe Blantyre amalandira chaka chathunthu. Anthu oposa 1,000 anatisiya m'dziko muno. Ndipo Freddy sanabwere yekha: Idai anadutsa mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022.

Wina afunsa kuti kodi ngozi za mu Malichi zikukhudzana bwanji ndi kutentha kwa mu Okutobala. Zikukhudzana kwambiri. Anamondwewa amatenga mphamvu zawo m'madzi ofunda a nyanja ya mchere ya India, ndipo mpweya ukatentha umanyamula chinyezi chambiri. Mpweya wonyowawo ukagunda phiri umakwera, n'kuzizira, n'kukhuthula madzi ake pompo. N'chifukwa chake Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limalandira mvula yambiri kuposa chigwa cha Phalombe chomwe chili kuseri kwake. Kutentha kwa nyanja ife a ku Chimwankhunda sitingakuletse. Koma momwe phiri lidzalandirire madziwo zimakonzedwa miyezi inoyi. Chilimwe chikatalika, udzu umauma kwambiri, moto umapsereza mpaka mizu. Mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu pa dothi lopanda chofunda, silowa pansi, imathamanga n'kung'amba tinjira. Tinjira ta mu Novembala ndi tomwe timakhala makwawa mu Januwale, ndipo pofika Malichi madzi apeza kale msewu wopita kunyumba za anthu.

Ndisanamizire kuti mitengo yokha ikanaletsa Freddy. Ku Mulanje kunagumuka ngakhale malo ena omwe anali ndi mitengo, chifukwa mvula ija inaposa muyeso. Amene amanena kuti a ku Chilobwe anadziputira okha ngozi amandipweteka mtima. Ena mwa omwe anafa anali okhala m'nyumba za lendi, sanadulepo mtengo ndi umodzi womwe. Komabe phiri lovala ndi phiri lamaliseche salandira mvula mofanana, ndipo nyumba yomangidwa m'njira ya madzi ili m'njira ya madzi basi, kaya mwini wake ndi wosauka kaya ndi wolemera.

Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti chidwi chathu pa mapiri chimayamba mochedwa. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, ndipo m'miyezi imeneyo aliyense amafuna kuoneka atagwira mbande. Mu Seputembala, pomwe mbandezo zikufuna munthu wozilambulira njira yotchinga moto, kuphiri kumakhala osaka mbewa okhaokha ndi machesi awo. Chaka chatha ndinapita ku ofesi ina kukapempha zikwakwa zochepa zoti anyamata a m'dera lathu alambulire udzu kuzungulira mitengo yomwe tinabzala. Anandilandira mwaulemu, n'kundiuza kuti ndidzabwerenso nyengo ya mitengo ikadzatsegulidwa. Pomwe inkatsegulidwa n'kuti mitengoyo ili phulusa.

Pempho langa likupita kwa mafumu, mabuloko lida, makhansala, abusa ndi mashehe a m'madera onse ozungulira mapiri a mzinda uno. Chaka chilichonse, Okutobala asanathe, tizikwera phiri limodzi, ife eni dera, pamodzi ndi anthu odziwa za miyala ndi nthaka, poti m'sukulu zathu za ukachenjede ndi m'boma aliko. Tikaone pomwe pang'ambika, mwala womwe wasendera, khwawa lomwe lakula, n'kutsika kudzauza mabanja omwe ali kumunsi kwake maso ndi maso, tisanayambe kumva za namondwe pa wailesi. Banja lililonse lidziwiretu kuti mvula ikagwa usiku wonse osakata lithawira kutchalitchi chiti kapena kusukulu iti, podzera njira iti. Usiku wa Freddy anthu ambiri anamva chenjezo, koma sankadziwa kolowera, ndipo ena anaopa kusiya katundu chifukwa cha akuba. Zimenezi n'zofunika kukambirana kunja kukali kouma.

A nthambi yoona zanyengo, omwe likulu lawo lili konkuno ku Blantyre, amatulutsa ulosi wa dzinja lonse mvula isanayambe, ndipo za Freddy anachenjeza masiku angapo asanafike. Ndimawayamikira. Ndingopempha kuti uthenga wawo uziwerengedwa m'mapemphero a Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu monga timawerengera zolengeza za maukwati, m'mawu omwe mayi wogulitsa tomato pamsika wa Zingwangwa angamve n'kudziwa chochita. Mamilimita 100 kwa iye ndi nambala chabe. Koma mutamuuza kuti madzi a mumtsinje akasanduka matope ofiira mwadzidzidzi, kapena akaphwa mvula ikugwabe, anyamule ana athawe chifukwa kumtunda kwatsekeka, adzakumbukira. Ndiponso sukulu iliyonse ya m'tsinde mwa phiri ikhale ndi choyezera mvula chake, ana aziwerenga okha m'mawa uliwonse n'kulemba pabolodi. Sichidula. Ana omwe ndinawaphunzitsa ndi chitini chija, ena ndi azibambo tsopano, tikakumana amandifunsabe ngati yadzulo inafika pa mzere wachitatu.

Anzanga a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe asaone ngati nkhaniyi ndi ya ku Chilobwe kokha. Madzi ena omwe akumwedwa mumzinda uno amachokera mumtsinje wa Likhubula pa phiri la Mulanje, ena ku damu la Mudi m'tsinde mwa Ndirande. Moto womwe ukupsereza mapiri amenewo mu Seputembala, pamodzi ndi mbande za mkungudza zomwe anthu akuvutika kubzalanso pa Mulanje, udzafika pampopi wa aliyense. Matope ochoka pa Soche ndi Ndirande amatsikira mu Naperi ndi Mudi, n'kutseka milatho yomwe tonse timadutsapo popita kuntchito.

Ife a mumpingo mwathu tagwirizana kuti chaka chino sitidikira zikwakwa za wina. Tasonkha ndalama pang'ono, amayi a chigwirizano abwereka makasu, ndipo anyamata osaka mbewa aja tawaitana kuti akhale nafe, poti njira za m'phirimo amazidziwa kuposa tonsefe. Loweruka likubwerali, 5 koloko m'mawa, tikukalambula kuzungulira mitengo yochepa yomwe inapulumuka chakumtunda kwa Chilobwe, kenako tidzatsika ndi chikhwawa chija kuwerenga nyumba zomwe zili m'mphepete mwake. Bambo wa maziko uja ndamupeza, nyumba yake yafika pa windo, ndipo wavomera kuti adzayenda nafe. Amene ali ndi chikwakwa abwere nacho, ndi botolo la madzi akumwa, chifukwa ikamakwana 8 koloko dzuwa la masiku ano silipiririka.

Mphunzitsi wopuma,
Chimwankhunda, Blantyre