Lipoti la msonkhano wa ku Birmingham pa za ukapolo wamakono pantchito yoyeretsa

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu,

Munandituma ku Birmingham kukakhala nawo pamsonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono oyeretsa m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu kuno ku Britain. Nkhani inali ya ukapolo wamakono ndi momwe umalowera m'bizinesi mwini wake ali gone. Zomwe ndamva ndi izi.

Lamulo la Modern Slavery Act la 2015 limakakamiza makampani amene malonda awo amafika mapaundi 36 miliyoni pachaka kulemba chikalata chofotokoza zomwe achita pothana ndi ukapolo. Pakati pathu palibe wofika pamenepo. Komabe makampani akuluakulu amene amatipatsa makontirakiti amafunsidwa, ndipo iwo amadzafunsa ife. Wopezeka ndi mlandu wosunga munthu muukapolo akhoza kukhala kundende moyo wake wonse, kaya bizinesi yake ndi ya anthu atatu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mlandu umene apolisi anautcha Operation Fort, womwe unaweruzidwa mu Birmingham momwemo mu 2019. Gulu la zigawenga linkatenga anthu ovutika ku Poland, ena osowa pokhala, ena ongotuluka kumene kundende, n'kuwalonjeza ntchito yabwino. Apolisi akuti ozunzidwa anali pafupifupi 400. Ankagwira ntchito m'mafamu, m'mafakitale ndi kosankha zinyalala, ndipo mmodzi wa zigawengazo ankagwira ntchito m'kampani yopezera anthu ntchito. Mabwana a kumalo antchitowo ankalipira bwinobwino mlungu uliwonse. Ndalama zinkalowa muakaunti yolembedwa dzina la wantchito, koma khadi la kubanki linali m'thumba la chigawenga. Munthu ankagwira ntchito mlungu wathunthu n'kupatsidwa tindalama tosakwana n'chakudya chomwe.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti timvetsetsane, chifukwa ndi momwe ambirife timapezera anthu. Kasitomala akaimba Lachisanu madzulo kuti akufuna anthu anayi Loweruka m'mamawa, timathamangira kwa munthu amene “ali ndi anthu ake”. Iye amabwera nawo pagalimoto, timamupatsa ndalama zonse pamodzi, iye akagawe. Kodi ndani mwa ife anafunsapo kuti mayi amene wakolopa masitepe onse aja walandira zingati?

Ntchito yathu imachitika anthu asanadzuke kapena atawerukeratu, choncho wozunzidwa alibe womuona. Anatiuza zoti tiziyang'ana. Mayi amatsitsidwa ndi galimoto yomweyo 5 koloko m'mawa, ndipo dalaivala amadikira panja mpaka amalize. Ukamufunsa kanthu amayang'ana kaye kwa amene wamubweretsa, ndipo womuyankhira amakhala iyeyo. Alibe foni yakeyake, sabwera ndi kamba, m'nyengo yozizira ali ndi kajuzi kamodzi komweko. Chizindikiro chimodzi sichikwanira kugamula kanthu, koma zikachuluka tisamati si zathu. Chinthu china n'chosavuta, aliyense akhoza kuchita usiku uno: tsegulani buku la malipiro muone ngati antchito awiri kapena atatu ali ndi nambala imodzi ya akaunti, adiresi imodzi kapena nambala imodzi ya foni.

Pali nkhani ina yowawa imene sindingaibise. Tonse tinalira titamva za atsikana a kwathu amene analandidwa mapasipoti ku Oman. Koma nafenso timaitana mwana wa achemwali kapena mlamu, timamusunga pakhomo, timati pasipoti tisunge ife kuti ingasowe, kenako pamalipiro timadula tikiti ya ndege, lendi, chakudya ndi thiransipoti mpaka munthu kutsala chimanjamanja. Timati tikuthandiza m'bale. Munthu amene sangachoke chifukwa cha ngongole yosatha komanso alibe mapepala ake m'manja, lamulo likhoza kumuona ngati wogwiritsidwa ntchito mokakamiza, ndipo ubale suchotsa mlandu. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anaikidwa pa mapaundi 12.21 pa ola. Bwana akapereka malo ogona, ndalama imene angawerengere pamalipirowo ili ndi malire, amene mu Epulo 2025 anaikidwa pa mapaundi 10.66 patsiku. Mtengo wa yunifolomu nawonso suyenera kutsitsa malipiro kufika pansi pa malipiro otsikitsitsawo. Ndiye wina akakulonjezani antchito pa mapaundi 10 pa ola, dziwani kuti pali amene akuberedwa thukuta.

Za zilolezo zogwirira ntchito mukuzidziwa. Kuyambira Febuluwale 2024 chindapusa cholemba ntchito munthu wopanda chilolezo chimafika mapaundi 45,000 pa munthu mmodzi kwa wolakwa koyamba, ndi 60,000 kwa wobwereza. Chomwe anatsindika n'chakuti wopanda mapepala ndiye amaopsezedwa mosavuta, ndipo ngati ndi wozunzidwa akhoza kuthandizidwa kudzera mu National Referral Mechanism, ndondomeko ya boma yothandizira ozunzidwa muukapolo, ngakhale mapepala ake asali bwino. Tikakayikira, tisakalimbane ndi amene amamubweretsa, chifukwa mawa munthuyo adzangosamutsidwa kapena kumenyedwa. Tiimbe ku Modern Slavery Helpline, foni yofunsira chithandizo ya bungwe la Unseen, pa 08000 121 700, ndipo moyo ukakhala pachiswe tiimbe 999.

Tinakambanso za katundu amene timagula: magolovesi, mayunifolomu, mamopu, mankhwala. Mu 2020 dziko la America linaletsa magolovesi ochokera m'mafakitale ena a kampani ya Top Glove ya ku Malaysia chifukwa cha zizindikiro za ntchito yokakamiza. Antchito ochokera ku Nepal ndi Bangladesh ankalipira maejenti ndalama zambiri kuti apeze ntchitoyo, n'kuyamba ntchito ali kale m'ngongole. Kampaniyo inawabwezera ndalamazo ndipo chiletso chinachotsedwa mu 2021. Ife amene timagula mabokosi awiri pamwezi sitingayendere fakitale. Koma tikagula pamodzi monga gulu, wogulitsa adzayankha tikamufunsa kuti magolovesi ake amapangidwa kuti, nanga antchito ake analipira ejenti kapena ayi.

Ena pamsonkhanopo ankangofuna chikalata choti asaine n'kuonetsa kasitomala. Ine sindinagwirizane nawo. Chikalata n'chofunika pofunsira kontirakiti, koma mabwana amene analemba ntchito ozunzidwa a mu Operation Fort nawonso ankalipira motsata lamulo, anthu akuzunzika m'manja mwawo.

Choncho ndikupempha komiti iike izi pamndandanda wa msonkhano wathu wotsatira: membala aliyense azilipira wantchito muakaunti yakeyake, azicheza naye payekha wopanda amene wamubweretsa asanayambe ntchito, ndipo amene akusunga pasipoti ya munthu aibweze tisanakumane. Ndikupemphanso munthu mmodzi wodzipereka kuti tilembe limodzi kalata yopita kwa otigulitsa magolovesi. Timapepala ta nambala ya Helpline ndabwera nato, tikamate m'zipinda zosungira mamopu, momwe wantchito amalowa yekha.

Ine mthenga wanu.