Liwu la malembo 45 aliphunzire moliduladula

A Mkonzi,

Ana asukulu kuno ku Zomba ayamba kupikisana kutchula liwu lachingerezi la malembo 45, pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis, lonena za nthenda ya m'mapapo yobwera ndi fumbi, koma ambiri akufuna kulimeza lonse ngati mbamu imodzi, n'kutsamwa nalo. Ine ndinagwira choko mpaka kupuma, ndiye mundilole ndiikepo mlomo.

Aliduledule m'maphatikizo, monga tinkachitira mu Sitandade 1: pneu-mo-no, ul-tra, mi-cro, scop-ic, sil-i-co, vol-ca-no, co-ni-o-sis. Onse ndi 19. P woyambayo satchulidwa, timayamba ndi "nyu". Pa mi timati "mai", pa ca timati "kei". Pamene pamatiterera ife ndi pa scop-ic ndi sis. M'Chichewa phatikizo limathera ndi a, e, i, o kapena u, choncho lilime limathamangira kunena "sikopiki" ndi "sisi", maphatikizo n'kuchuluka. Mwayi wake, mawu amatsindikidwa pa o wa kutsogolo kwa sis, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, momwe timachitira kale tikamati "mapapo".

Chidutswa chilichonse chili ndi tanthauzo: pneumono ndi mapapo, silico ndi silika wa mumchenga ndi m'miyala, conio ndi fumbi, osis ndi nthenda.

Komatu madokotala salinena liwuli. Analipeka mu 1935 a Everett Smith, mtsogoleri wa gulu la okonda zilapi za mawu ku America, n'cholinga chakuti likhale lalitali basi. Nthenda yeniyeni dzina lake ndi silicosis, ndipo si yachilendo kwathu kuno. Azibambo amene anapita ku Joni ndi Wenela ndi Theba ankapuma fumbi limeneli pansi m'migodi ya golide. Mu 2018 makampani a migodiyo anavomera kupereka chipepeso cha maranda 5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB.

Lero amayi oswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu amakhala tsiku lonse ndi hamala, nsidze zitayera mbuu, pamphuno popanda ngakhale kansalu. Fumbilo limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, nthenda yake siichiritsika, ndipo TB imalowa mosavuta. Aphunzitsi, mwana akatha kutchula lalitalilo, muuzeninso sil-i-co-sis, maphatikizo anayi okha, kuti akawauze mayi ake azithira madzi pamwala asanauswe.

Mphunzitsi wopuma,
Chinamwali, Zomba