Nyumba ndi yanga koma ndimangobweramo kudzagona

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya mapuloti yomwe yadzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, aliyense akuti gulani malo kunja kwa tauni, malo saola, mtengo wake umangokwera. Sindikutsutsa, malo saoladi, koma pali zina zomwe madobadoba sakuuzani akamakuonetsani malowo ndipo ine ndakumana nazo ndekha.

Kale ndinkakhala nyumba ya lendi ku Area 18 mu Lilongwe, ntchito ndimagwira ku City Centre, ndinkamwa tiyi mosathamanga n'kukafika ku ofesi nthawi ilipo. Koma za alandilodi mukuzidziwa, chaka chikangotha kalata yokweza lendi yafika, ndiye madamu anati bambo a ana, tikalamba tikulemeretsa anzathu. Tinagula puloti mbali ya ku Njewa, msewu wa ku Mchinji kupitirira Airwing, malo aakulu moti ku Area 47 kapena Area 43 ndalama imeneyo sungapeze nayo ngakhale pokhomera khola la nkhuku. Mnyamata amene anatiperekeza anati bwana pano ndi 15 minitsi basi kukafika m'tauni. Sananame ayi, koma tinapita Lamulungu masana, mwezi wa Ogasiti, msewu uli see, nthaka ili gwa.

Lero kwathuko ndi kumayadi ndithu. Pomwe panali minda ya chimanga pali zinyumba zosanja, mipanda ya njerwa yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, mageti otseguka okha, kapinga wobiriwira ngakhale mu Okotobala. Ukamadutsa ungati anthu awa afika. Chikomekome cha mkuyu, akonzi. Tonse timatuluka m'mageti amenewa 5:30 m'mawa, ana ali m'tulo ku mpando wakumbuyo, yunifomu atavala, phala lili m'kontena kuti akadyere pa geti la sukulu. Ukangochedwa pang'ono n'kunyamuka 6:30 ndiye wayamba kale kukwawa usanafike pa Gateway Mall, ma Sienta akulowera uku, akabaza a njinga zamoto uko, minibasi yaima pakati pa msewu kondakitala akuitanira, ndipo pofika pa Crossroads mutu wayamba kale kuwawa. Misewu ya Kenyatta ndi Mzimba anaikuza inde, tikuyamika, koma tonse a kumadzulo kuno khomo lathu lolowera m'tauni ndi limodzi lomweli.

Ndiye mafuta. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo tsiku limenelo ndinakhala pansi ndi kabuku n'kuwerengera, ndinapeza kuti ndalama yomwe ndinkalira nayo kwa alandilodi ija ndikuipereka ku filing'i siteshoni, kusiyana kwake n'koti uyu sakupatsa ndi kalata yomwe. Mafuta akasowa ndiye zinanso, mnzanga wa ku Area 18 amangoimika galimoto n'kukwera minibasi, ine kuchoka pa geti kukafika pa tala ndi ulendo paokha, ndagonapo pa mzere kangapo ndi bulangete m'galimoto chonsecho kunyumba kuli bedi labwinobwino la matiresi atsopano.

Kansewu kochoka pa tala kukafika kwathu ndi komwe kamandipweteka mtima kwambiri. Nyumba za mamiliyoni mbali zonse koma msewu ndi njira ya ngolo yomwe ija, wopanda ngalande, chifukwa ogulitsa anadula mapuloti mpaka m'mphepete, aliyense anakankhira mpanda wake kunja. Febuluwale wina mvula itagwa usiku wonse galimoto inatitimira pafupi ndi dambo, ndinavula nsapato, kupinda thalauzi la suti, anyamata a m'mudzi anayi anandikankha ndipo aliyense anafuna yake ya sopo, ndinakafika ku msonkhano matope ali m'makutu. Amakaniko anga pano amangoseka akandiona, akuti bwana mashoko aja afanso? Tinayesa kupanga gulu la pa WhatsApp loti tizisonkha za giredala, oyankha ndi ambiri koma otumiza ndalama ndi anthu atatu omwe omwewo.

Madzi tinachita kukumba tokha, thanki pamwamba, pampu ya sola. Mlonda ndi wofunika chifukwa masana dera lonse limatsala ndi antchito ndi agalu okhaokha. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku umayamba waganiza kawiri. Anzathu omwe tinkacheza nawo Loweruka anabwera kamodzi kudzaona nyumba, anayamikira matailosi, sanabwerenso, akuti ndi kutali. Ndipo aneba sindiwadziwa, timangoimbirana hutala pa geti.

Za mtengo wa malo ndivomere, dobadoba yemwe uja anandipeza chaka chatha akuti puloti ngati yanga pano ikupita kangapo kuposa momwe ndinagulira. Ndinasangalala tsiku limodzi. Kenako ndinafunsa mtengo wa thumba la simenti ndi malata, n'kuzindikira kuti mbali yaikulu si malo akwera, ndi kwacha yatsika. Komanso ndikagulitsa ndipita kuti, Area 47 yandidikira? Ndiye kuti ndisunthirenso kutsogolo, ku Chitedze kapena ku Msundwe. Vuto linanso ndi loti ambiri kuno tinagula kudzera kwa amfumu, kapepala kosainirana basi, ndipo opanda lizi ukapita ku banki kukafuna ngongole amangokuyang'ana.

Sindikuti ndikudandaula zonse ayi. Mango ndi mapapaya ndinadzala ndekha, nkhuku zilipo, Loweruka m'mawa kumakhala zii kamphepo kali yaziyazi, palibe wogogoda kuti mwezi watha. Koma mlamu wanga akufuna kugula mbali ya ku Lumbadzi, nayenso amuuza kuti ndi 20 minitsi kukafika ku Capital Hill. Ndamuuza asapereke kaye ndalama, adikire mvula, abwere adzagone kwathu Lamulungu usiku, Lolemba tidzanyamukire limodzi ndipo makiyi ndidzampatsa iyeyo.

Wowerenga wanu,
Njewa, Lilongwe