Kalata ya Abusa: Musatenthe Mabokosi a Agogo

Kwa akulu ampingo, atumiki, amayi a Mvano, achinyamata, ndi Akhristu nonse a m'milaga yathu kuno ku Zomba,

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, tsiku lokumbukira amene anafa pa nkhondo, layandikira. Monga zimakhalira chaka ndi chaka, asilikali adzafola pa chipilala cha Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) kufupi ndi Cobbe Barracks, lipenga lidzalira, anthu adzakhala chete mphindi ziwiri ikamakwana 11 koloko, akuluakulu adzaika nkhata, ndipo ambiri mwa inu mudzabaya duwa lofiira la popi pachifuwa. Zonsezi n'zabwino, ndipo ife monga mpingo tidzakhala nawo. Koma ndikukulemberani ndili wokhumudwa, chifukwa cha nkhani imene akulu ampingo anabwera nayo ku seshoni.

M'mlaga wina tinaika maliro a agogo athu aakazi, amasiye a msilikali amene anakamenya nkhondo ku Burma. Tsiku logawa katundu, achibale anakangana mpaka dzuwa kupendeka: malata atenga ndani, makina osokera ngayani, munda wakudimba ukhala wa yani. Kunsi kwa bedi kunali bokosi lachitsulo, lolembedwa nambala ya usilikali ndi penti woyera. M'katimo munali kabuku ka malipiro, chikalata chowatulutsira usilikali, makalata omangidwa ndi kansalu, mamendulo atatu, ndi chithunzi cha mnyamata wovala kabudula ndi chipewa chopinda mbali imodzi. Pa zimenezi panalibe wokangana. Mapepala anakawathira kudzala n'kuyatsa moto. Mamendulo anagulitsidwa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Bokosi lija akusungiramo makala. Chimene chinapulumuka ndi chithunzi chokha, chopsa ngodya imodzi, chimene kamtsikana ka Sande Sukulu kanatola m'phulusa n'kukafunsa mayi ake kuti, "Awa ndani?" Mayi akewo sanadziwe dzina lenileni la agogo awo.

Sinditchula banja, ndipo musafufuze. Akulu ampingo andiuza kuti zotere si za khomo limodzi.

"Kumbukirani masiku akale, zindikirani zaka za mibadwo yambiri, funsani atate wanu, adzakufotokozerani, akulu anu, adzakuuzani" (Deuteronomo 32:7).

Abale anga, tchimo limene ndikulinena ndi ili: sitifunsa. Okalamba tili nawo m'nyumba zathu, timawapatsa phala, ena timawagulira mankhwala, koma makutu timawamana. Agogo akayamba nkhani, mdzukulu maso ali pa foni. Akaibwereza kachiwiri timatsinana, eti ayambanso zawo zija. Akadzuka usiku n'kumatchula maina a anthu amene sitikuwadziwa, timati ayamba kubwebweta, ndipo ena mwa inu, obatizidwa, odya mgonero, mumafika ponong'onezana kuti agogowa ngokhwima. Mulungu atikhululukire! Munthu akulira mwamuna wake, akulira mlongo wake amene anatengedwa ali mnyamata osabweranso, inu mukuti ufiti? Timakonda kunena kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Adzagonera bwanji mawu amene sanamveke n'komwe, mwini wake n'kupita nawo kumanda?

Mwina mukuganiza kuti nkhondo zimenezi n'za azungu, ifeyo sizitikhudza. Mvetserani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi ija, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, inafika pakhomo pathu penipeni. Mu Ogasiti 1914, sitima ya Guendolen inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo mbali zonse ziwiri amene anagwa ambiri anali anthu akuda. Kuchokera pamenepo dziko lonse linasanduka msewu wa katundu. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya mtengatenga ndi zina zotero, kusenza ufa, zipolopolo ndi mahema kupita kumpoto, mpaka kulowa m'dziko limene lero ndi Tanzania, ena ku Mozambique. Sanapite onse mwa kufuna kwawo. Amesinjala ankafika m'midzi usiku, amuna n'kuthawira kumapiri, ndipo kwina ankagwira akazi kuti amuna awo adzipereke. Ambiri sanafe ndi mfuti ayi. Anafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, n'kukwiriridwa m'mbali mwa njira popanda mtanda. Ku Ulaya nkhondo inatha pa 11 Novembala 1918, koma kuno mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anadzatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia. Otsala atabwerera kumudzi, anapeza kapena anabwera ndi chimfine chachikulu chija, maliro n'kuyambiranso.

M'busa John Chilembwe anaziona izi zikungoyamba. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi a dziko lino akufera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Choncho pamene ndikuti tikumbukire, sindikutamanda nkhondo. Ife tikudikira tsiku limene "adzasula malupanga awo akhale zolimira, ndi nthungo zawo zikhale anangwape, mtundu sudzanyamula lupanga kumenyana ndi mtundu wina" (Yesaya 2:4). Koma mwana amene sanamvepo kuti nkhondo imanunkha bwanji ndi amene amaiitana mosavuta pa nthawi ya chisankho.

Nkhondo yachiwiri inatenganso anyamata a kuno. Anakamenya ku Somaliland ndi ku Abyssinia, anapita ku Madagascar mu 1942, anawoloka nyanja yaikulu kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za ku Burma, m'matope ndi mvula yosakata. Amenewa ndiwo agogo a ambiri a inu. Anabwera ndi Chiswahili cha kukambi, nsapato zolemera, ena makina osokera ogula ndi ndalama zopumira, ena chete wosatha amene akazi awo okha ndiwo ankamudziwa chiyambi chake. Ngakhale beni amene mumavina pa zikondwerero, ndi malipenga a kunyanja, zinachokera ku perete wa asilikali. Mumavina mapazi a agogo anu koma maina awo simuwadziwa.

Pali chinthu china chimene chikundiwawa kwambiri. Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikali, la Commonwealth War Graves Commission, linavomera ndi kupepesa kuti anthu akuda ndi Amwenye oposa 100,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba sanalembedwe maina monga analembedwera azungu. Ambiri mwa iwo anali amtengatenga a kuno ku Africa. Tinakwiya titamva, ndipo tinayenera kukwiya. Koma azunguwo anasiya kulemba maina a anthu achilendo kwa iwo. Ife tikutentha maina a makolo athu otibereka, ndi machesi athu, padzala pathu. Tidzamuloza chala ndani?

"Pali aimvi uziwagwadira, nuchitire ulemu munthu wokalamba, nuope Mulungu wako, Ine ndine Yehova" (Levitiko 19:32). Ndipo m'buku la Oweruza mwalembedwa kuti unauka mbadwo wina pambuyo pawo, wosadziwa Yehova, kapena ntchito imene anachitira Israele. Inu nonse mukudziwa zimene zinatsatira.

Asilikali a nkhondo yachiwiri atsala owerengeka m'dziko muno. Koma akazi awo ena alipo, ana awo alipo ndipo nawonso imvi zili mbuu. Ndipo musaganize za Burma yokha. Pamabenchi athu pamakhala abambo amene analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Pamakhala amayi amene anawoloka malire ali ndi mwana kumsana ndi mphika pamutu, pamene dziko lino linalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ena anakwatiwa konkuno osabwereranso. Pamakhala akazi amasiye achitsikana amene amuna awo anatsala ku Congo. Dzina la Chancy Chitete, amene anaphedwa kumeneko mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, dziko lonse likulidziwa chifukwa bungwe la United Nations linamulemekeza. Nanga anzake aja? Amenewo owasunga maina ndi ife, kapena palibe.

Tsono seshoni yagwirizana izi, ndipo sindikupempha maganizo.

Loweruka lotsatana ndi Lamulungu lachikumbutso, ndiye kuti dzulo lake, kuyambira 8 koloko m'mawa, banja lililonse limene lili ndi kanthu ka nthawi ya nkhondo libwere nako ku holo ya mpingo: chithunzi, mendulo, kalata, kabuku, lamba, ngakhale supuni. Sitikulandani. Achinyamata adzajambula ndi foni, mlembi wa seshoni adzalemba m'kaundula dzina la mwini wake, mudzi, mfumu ndi kumene anapita, ndipo katundu wanu mudzabwerera naye. Ngati mulibe kanthu koma mukudziwa dzina, bwerani ndi dzinalo. Makamaka ndikufuna maina a amtengatenga ndi a amayi amene anatsala akulima okha, chifukwa amenewo pa chipilala palibe. Maina onse adzawerengedwa pa mapemphero a Lamulungu tisanapite ku chipilala, ngakhale mapemphero atalike.

Achinyamata, pitani awiriawiri kwa okalamba amene sangathe kuyenda. Atsogoleri a milaga akupatsani mndandanda. Valani mwaulemu, lonjerani bwino, khalani pansi. Pemphani chilolezo musanayatse foni, ndipo agogo akati izi musajambule, zimitsani. Akakhala chete musawathamangitse, akalira musaseke ndipo musathawe. Funsaninso nyimbo zimene ankaimba, chakudya chimene ankadya, ndi amene anawalandira tsiku lobwera. Ndisamve kuti mawu kapena chithunzi cha gogo wina chapezeka pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp banja lisanalole. Wochita zimenezo adzaonana ndi seshoni.

Akulu ampingo, kuyambira lero, mukamayendetsa mwambo wa maliro a munthu wokalamba, uzani anamfedwa poyera kuti pepala lililonse la malemu lisatenthedwe mwana wamkulu kapena mwinimbumba asanalione. Ngati banja lilibe posunga, tili ndi kabati ku ofesi. Ndipo amene munagulitsa mamendulo, ngati wogulayo mukumudziwa, pitani mukawaombole. Ndalama ikachepa, bwerani mudzandione panokha, sindidzakufunsani zambiri.

"Musanditaye mu ukalamba wanga, musandisiye, pakutha mphamvu yanga" (Masalimo 71:9).

Pa Lamulungu lomwelo padzakhala mbale yachiwiri. Chopereka chake chidzapita kwa asilikali okalamba ndi kwa amasiye a asilikali a m'dera lathu. Amayi a Mvano adzalandira sopo, shuga, mchere, ufa ndi mabulangete pakhomo la tchalitchi. Chonde zovala zong'ambika zisiyeni kunyumba, si kudzala kuno. Tikufunanso makaundula awiri achikuto cholimba, mafayilo apulasitiki, ndi munthu mmodzi wa galimoto amene angatenge okalamba a milaga yakutali m'mawa ndi kuwabweza madzulo. Mafuta mpingo udzathira. Amene angathe aonane ndi msungichuma Lachitatu lisanafike.

Kwaya ya achinyamata ifike 7 koloko, osati 7 ya kumudzi. Milaga itatu imene sinapereke ndalama za denga ikudzidziwa yokha. Mvula ili pafupi.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.