Okalamba akamadandaula za mchere, tiyambe taganizira za mphuno

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene imayambanitsa anthu m'mabanja mwathu popanda wolakwa. Mu Januwale 2021, pamene matenda a Covid-19 anafika povuta m'dziko muno, amayi anga anadwala ndipo anachira, koma atadzuka anayamba kukankha mbale. Nkhwani wotendera amene ankaukonda kuyambira kale ankati ndi madzi okhaokha, ndipo usipa wokazinga ankauthira mchere kawiri asanaulawe n'komwe. Mkazi wanga, amene ankawaphikira tsiku ndi tsiku, anayamba kuganiza kuti apongozi ake akumunyoza. Tinazindikira vuto lenileni tsiku limene nyemba zinapserera pa mbaula, ife n'kuthamanga kuchokera panja, koma iwo ali chikhalire pafupi ndi poto, osamva fungo lililonse.

Ambirife timaganiza kuti kukoma kwa chakudya ndi ntchito ya lilime lokha. Lilime limazindikira zinthu zisanu basi: kutsekemera, mchere, kuwawasa ngati kwa bwemba, kuwawa, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kumene katswiri wa sayansi Kikunae Ikeda wa ku Japan anakufotokoza mu 1908. Chimene chimasiyanitsa chambo ndi mlamba, kapena mango ndi papaya, makamaka ndi fungo, limene pamene tikutafuna limakwera kudzera kummero n'kukafika kumtunda kwa mphuno. Kumeneko kuli timinyewa tolandira fungo ta mitundu pafupifupi 400, ndipo akatswiri a sayansi Linda Buck ndi Richard Axel analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chofotokoza mmene timagwirira ntchito. Amene akukayika atsine mphuno, atafune gwafa wakupsa, kenako aitaye mphunoyo gwafayo akadali m'kamwa. Adzamva kukoma kukubwera nthawi yomweyo. N'chifukwa chake munthu wa chimfine amati chilichonse sichikukoma.

Chimene chinandiopsa ndi mchere uja. Popeza lilime limakhala likugwirabe ntchito, munthu amene mphuno yafooka amafuna kubweza kukoma kumene kwasowa pothira mchere kapena shuga wambiri, pamene bungwe la World Health Organization limalangiza kuti wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe sakwana bwino supuni yaing'ono. Amayi anga ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, choncho dzanja lawo likapita pa mchere, mtima wanga unkapita m'mwamba. Ndiponso munthu wotere sangadziwe kuti nsomba yagona yayamba kuwonongeka. Vutoli silibwera ndi Covid-19 yokha, chifukwa kununkhiza kumachepanso munthu akamakalamba.

Pempho langa kwa azaumoyo ndi lakuti wokalamba akabwera ataonda ndipo akuti alibe chilakolako cha chakudya, azimufunsanso ngati akumva fungo, chifukwa mwini wake nthawi zambiri amaloza lilime kapena wophika. Mapulogalamu a zaumoyo pa wailesi aikambenso nkhaniyi m'chilankhulo chathu.

Kwathu chimene chinathandiza ndi kufinyira ndimu m'ndiwo, kuika kambuzi pang'ono, popeza kutentha kwa tsabola sikudalira mphuno, ndiponso kupereka chakudya chikadali chotentha. Patapita miyezi ingapo, amayi anga ali kuchipinda anaitana mpongozi wawo n'kumufunsa ngati akukazinga anyezi, ndipo madzulo ake anamaliza nsima yonse.

Wowerenga wanu,
Zomba