Dandaulo pa mawotchi atatu a kukhitchini omwe munandigulitsa

Kwa Bwana Woyang'anira Malonda,

Zikomo bwana. Ndine mayi wochita bizinesi ya malo odyera pa boma pano pa Mangochi, chakufupi ndi mlatho wa pa Shire. Mwezi wa Seputembala ndinakwera minibasi kubwera kusitolo kwanu ku Blantyre, ndipo mwa katundu yemwe ndinagula munali mawotchi atatu a alamu a kukhitchini, aja okhala ndi maginito kumbuyo. Risiti ndinasunga. Wogulitsa wanu anandiuza kuti anapangidwira munthu wophika miphika yambiri nthawi imodzi, ndipo mawu amenewo ndi amene ananditulutsitsa ndalama.

Ndikuuzeni mmene kukhitchini kwanga kumakhalira kuti mundimvetse. Nyemba ndimatereka pambaula m'mamawa, zimadya maola awiri kapena kuposerapo. Mpunga wa Kilombero ukawira n'kuuvundikira, umafuna mphindi 20 basi, chifukwa moto wa makala suchedwa kugwira pansi pa poto. Chambo pachiwaya ndi mphindi 7 kapena 8, kenako n'kuchitembenuza. Nsima yokha siifuna wotchi, imauza mthiko yokha kuti yapsa. Zonsezi ziyenera kukumana m'mbale imodzi ikamakwana 12 koloko, pamene ophika tilipo awiri okha, ine ndi mtsikana wondithandiza. Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake ndinafuna poto aliyense akhale ndi wotchi yake.

Tsiku loyamba lomwe ndinaona kuti onse atatu amalira mofanana, mtundu wawonso ndi umodzi. Ikalira imodzi pakati pa utsi ndi phokoso la mafuta, sudziwa ngati ikuitana mpunga kapena nsomba. Apa sindinadandaule, ndinangomata pulasitala n'kulembapo mayina a zophika.

Chomwe chandiwawa ndi ichi: imodzi imatsalira. Ndinaiyesa pamodzi ndi wotchi ya pafoni kangapo konse, ndikaitchera mphindi 20 imalira zitadutsa ndi mphindi zinayi. Batire ndinasintha, palibe chinasintha. Ina ija kutentha kwa Okutobala kutangoyamba, galasi lake linayamba kuda masana, manambala osaonekanso mpaka madzulo kukazizira. Dziko lonse limadziwa mmene kumatenthera ku Mangochi kuno. Ngati katundu wanu sapirira dzuwa la kunyanja, bwanji simunandichenjeze pamene ndinanena komwe ndimachokera?

Lachisanu lapitali ndi lomwe landilembetsa kalatayi. Anthu akatuluka kumzikiti masana amafika onse pamodzi, ndipo ndi tsiku lomwe ndimagulitsa kwambiri pa sabata. Ndinali pachiwaya ndikudalira kuti wotchi ya mpunga indiitana. Chinandiitana ndi fungo. Poto yense anapserera, ndipo mpunga ukalowa utsi ngakhale wapamwamba sudyeka. Pothamangira potoyo, chambo zinayi zinada mbali imodzi. Chambo masiku ano chikusowa, mtengo wake kwa asodzi si wamasewera. Makasitomala ena omwe akhala akudya kwa ine zaka zambiri anatembenuka pakhomo ndikuwaona. Ndalama zinandipweteka, koma manyazi a tsikulo anaposa.

Ndaimba kusitolo kwanu katatu. Kawiri anandiuza kuti abwana atulukapo. Kachitatu mnyamata wina anati ndibwere nawo mawotchiwo kuti awaone. Ndiye kuti nditseke bizinesi tsiku lathunthu, ndidutse Liwonde ndi Zomba, ndilipire thiransipoti yopita ndi kubwerera yoposa mtengo wa katunduyo, pa vuto lomwe si langa? Ndinapempha nambala ya WhatsApp kuti nditumize kanema woonetsa kutsalira kwa wotchiyo, mpaka lero sinaperekedwe.

Pempho langa ndi lakuti munditumizire pabasi mawotchi ena atatu oyenda bwino, olira mosiyana komanso opirira kutentha, ndipo anuwa ndibweza pabasi yomweyo inu mukulipira. Ngati otero mulibe, mundibwezere ndalama zanga zonse pa Airtel Money kapena Mpamba. Za mpunga ndi nsomba zomwe ndinataya sindikulipiritsani. Ndidikira yankho lanu kwa masiku 14, kupanda kutero nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi risiti ndi kanema uja. Fotokope ya risitiyo ndaiphatikiza ndi kalata ino.

Ine kasitomala wanu,
Mwini malo odyera,
Mangochi boma